Kabawi wanga wa jumbo

Lolemba

Kwacha ndi nkhungu. Phiri la Michesi latsala tsinde lokha, kumwamba kwake kulibe. Mjigo ukulira, njinga za nkhuni zikutsika mabuleki akulira ngati ana a mbuzi, amake Joyi kuseri kwa mpanda akukalipira munthu amene sakuyankha. Thadzi la Tadala likuitana anapiye pansi pa nkhokwe. Alipo 9. Tadala ndi mchemwali wanga wa Sitandade 4. Amawawerenga m'mawa ndi madzulo, ndipo aliyense anamupatsa dzina.

Nkhani ya sabata ino ndi iyi. A Khoviwa, aphunzitsi athu a Fizikisi, alengeza ku kalabu ya sayansi kuti Loweruka tikaulutsa ndege zopanda injini pa chitunda cha kuseri kwa sukulu. Iwo amati gilaida. Imene ikhalitse m'mwamba ndiyo ipite ku chionetsero cha sayansi ku boma Lachisanu la sabata yamawa, pamodzi ndi mwini wake. Malo ndi amodzi. Ine ku boma ndinapitako kamodzi, kukachotsa dzino.

Opikisana tilipo awiri. Limbani wa Fomu 4 ali ndi ndege yogula, achimwene ake a ku Joni anamutumizira m'katoni, iye anangolumikiza. Mapiko ake ndi otalika kuposa chitseko cha kalasi. Wachiwiri ndine, Fomu 2, ndi kandege kopanga ndekha.

Zifukwa zimene kakang'ono kapambanire:
1. N'kopepuka. Mpweya wofunda ukangokwera pang'ono, kakwera nawo.
2. Kamakhota pafupi. Yaikulu kuti itembenuke imafuna bwalo lonse la mpira.
3. Kakagwa sikathyoka kwambiri. Nyerere ikagwa pa denga sipita kuchipatala.
4. Kabawi si wamkulu, koma amakhala m'mwamba kuyambira polowa m'kalasi mpaka buleki, osakupiza.

Chachinayichi ndicho chinsinsi changa. Masabata atatu ndakhala pa chulu cha kuseri kwa nyumba kuyang'ana kabawi. Ndamujambula kumapeto kwa kope la Agirikacha. Mapiko ake kunsonga amakwezeka pang'ono. Pokhota amapotoza mchira, mapiko ali chete. Kandege kanga ndakapatsa msinkhu wake ndi maonekedwe ake: kutalika kwa mapiko ndi kuchokera pa phewa langa la kumanzere mpaka ku zala za kumanja.

Zipangizo:
- mtima wa chiwale, wa thupi ndi nthiti za mapiko
- nsungwi zopala mpaka kupyapyala
- majumbo akuda anayi okutira mapiko
- sipoko ya njinga
- supa guluu, theka lake lili kale pa zala zanga
- za m'mimba mwa kagalimoto ka rimoti kopanda matayala, ka pa kaunjika wa zidole

Kagalimotoko kanali ndi kamota kokhotetsa matayala akutsogolo. Tsopano kamotako kakukoka sipoko, sipoko ikukhotetsa mchira. Pa rimoti pali mabatani anayi. La kumanzere ndi la kumanja akugwira ntchito. La kutsogolo lilibe ntchito. La kumbuyo likuliza hutala, ndalephera kuichotsa.

Amalume a Waisoni adutsa madzulo, matope mpaka m'mawondo. Mpunga wawo wa ku dambo wayamba kucha ndipo mpheta zatsika. "Loweruka ukandiingire mbalame, mphwanga." Ndayankha kuti Loweruka kuli za sukulu. Sindiname ayi. Ayang'ana kandege pa khonde nthawi yaitali. "Za sukuluzo ndi izi?"

Lachiwiri

Dzuwa, kamphepo kochokera kuphiri. Ndangoweruka, chikwama pansi, pa chulu.

Kuponya koyamba: masekondi 4. Kadzutsa mutu, kaima ngati kakuganiza, kagwa ndi mchira. Kumbuyo kukulemera. A Khoviwa amati ndege ukaitsamiritsa pa zala ziwiri pansi pa mapiko, cha kutsogolo pang'ono, iyenera kukhala bata osapendama. Ndasunthira mabatire kumphuno.

Kwachiwiri: masekondi 3. Tsopano kukulemera kumutu. Mphuno yalowa mu mzere wa mbatata za amayi.

Kwachitatu: batire limodzi ndabweza pakati, kumphuno ndamata kanati ka njinga. Masekondi 12! Kayenda mowongoka, phee, osagwedera. Ndadina kumanja, kakhota. Kadutsa pamwamba pa bwalo la nyumba, mthunzi wake ukutsetsereka pansi.

Zimene zachitika pomwepo:
- tambala wakuwa ndi mawu amene sindinamumvepo
- thadzi la Tadala ndi anapiye, balala
- nkhuku za amake Joyi zalowa m'khitchini mwawo, ina m'chidebe cha ufa
- amake Joyi atuluka akumenya beseni ndi mthiko
- ine ndasokonezeka, ndadina hutala
- chitsononkho chabwera kuchokera kuseri kwa mpanda

Amake Joyi ali ndi dzanja. Chitsononkho chalowa pansi pa phiko la kumanzere n'kutulukira pamwamba. Afika pomwe kagwera, mthiko uli m'mwamba, aima. "Kabawi wanji wolira pipii?" Kenako aona ine pa chulu. Zina zimene anena sindilemba.

Anapiye atuluka patapita maola awiri. Tadala wawerenga katatu, maso ali pa ine. Akwana 9.

Kunena zoona ndasangalala. Nkhuku imamudziwa kabawi kuposa a Khoviwa. Ngati nkhuku zavomereza, ndiye kuti mapiko ndalondola. Bowo ndamata ndi selotepi. Kumanzere kwalemera pang'ono, ndiye ndamatanso kumanja pamene palibe bowo kuti zifanane.

Vuto lina. Ndaika kandege pa khonde, ndikubwerera m'mbuyo ndikudina. Pa mapazi 23 mchira wasiya kumvera. Ndayeza katatu, 23. Ya Limbani akuti imamva ngakhale mwini wake ali ku msika. Rimoti yanga anaipangira mwana woseweretsa galimoto pa simenti ya m'nyumba, sinali kudziwa kuti idzafika kuno.

Yankho: ndizithamanga pansi pake.

Lachitatu

Lamulo la amayi, m'mawa ndisanasambe: "Chinthu chakocho chikadutsanso pabwalo pano, ndisonkhezera moto wa kalongonda." Kalongonda amafuna moto wa tsiku lonse, ndiye nkhuni iliyonse amaiyang'ana ndi diso limenelo.

Agula ku golosale kabotolo ka jivi, mankhwala a pepo aja opaka pa zilonda. Iwo ndi Tadala akupaka anapiye ndi nthenga, mmodzimmodzi. Kuno timatero, akuti mwanapiye akakhala wa pepo kabawi samuzindikira. Anapiye 9 a pepo akuyenda pa mzere pabwalo ngati kwaya ya amayi. Thadzi likuwayang'ana mokayika.

Ku sukulu Limbani wabweretsa yake kuti anthu aione. Yagona pa matebulo awiri, yoyera, yosalala ngati dzira. A Fomu 1 akufunsa ngati munthu angakweremo. Ine ndaima kumbuyo, ndayang'ana bwino. Mapiko ndi aatali koma aang'ono m'lifupi, ngati chikwanje. Mchira umakhota pang'onopang'ono, kutsata chala. Wanga umadziwa zinthu zitatu zokha: kumanzere konse, kumanja konse, ndi pakati. Iye atatembenuka ndainyamula pang'ono. Ikulemera ngati tambala. Kanga n'ngati chimanga chimodzi chouma.

Limbani: "Mfana, kako kaja ukabwere nako m'thumba la malaya, kangazizidwe." Anthu aseka. Yankho labwino landibwerera ndili pa mlatho, pobwerera kunyumba. Silikuthandizanso.

A Khoviwa ati yaikulu imaboola mphepo, yaing'ono mphepo imainyamula. Sindikugwirizana nazo, koma ndalemba.

Madzulo, bwalo la mpira, kumene kulibe nkhuku. Masekondi 15, ine ndikuthamanga pansi pake maso ali kumwamba. Goli ya kumpoto ndi ya bulugama wouma, phewa langa latsimikiza. Poponya kachiwiri anthengu awiri atuluka mu mtengo wa mango. Nthengu ndi kambalame kakang'ono koma kabawi amakaopa. Akumenya kandege kanga pamsana, wina uku wina uku, mosinthana. Ndaliza hutala. Sanaope. Jumbo la kumchira lang'ambika.

Adani mpaka lero: nkhuku, amake Joyi, anthengu, goli. Atatu oyambawo chifukwa n'chimodzi, kakuoneka ngati kabawi.

Ganizo. Ngati jivi amabisa mwanapiye kwa kabawi, angathenso kubisa kabawi kwa nkhuku. M'kabotolo mwatsala theka. Jumbo lakuda silionetsa utoto, ndiye ndasenda lonse, ndakuta ndi majumbo oyera, ndapaka. Kakuuma pa denga la bafa.

Lachinayi

Jivi sachoka.

Pamene ali:
- zala zonse khumi
- chigongono
- kolala ya yunifomu
- mlomo wapansi, chifukwa nthenga ndinaigwira ndi mano pomata

Ndayesa sopo, mchenga ndi ndimu. Wangowala.

Aphunzitsi a Chichewa andiitanira pambali. "Zilonda za m'kamwa si zochitira manyazi, mwananga, koma usamabwerekane kapu ndi anzako." Wokhala naye pa desiki wasunthira kumapeto kwenikweni. Sindikudandaula, malo achuluka. Limbani podutsa: "Ndege ndi mwini wake yunifomu imodzi, eti?" Ndiye kuti nkhani yafika kale ku Fomu 4.

Madzulo pa chulu, ndaponya cholozetsa ku munda wa chinangwa, kutali ndi bwalo. Masekondi 21! Pamwamba pa thanthwe la pakati pa munda mpweya wofunda wakanyamula. M'malo motsika kakwera. Ndadina kumanzere, ndasiya, ndadinanso, kazungulira kawiri pamalo osaposa nyumba yathu. Ya Limbani singazungulire pamenepo. Chifukwa choyamba ndi chachiwiri ndi zoona. Ndimafuna wina aone. Panali mbuzi yokha, nayonso imadya.

Kenako mphepo yakakankhira kunyumba. Mapazi 23 apitirira. Ndikudina, sikakumva. Kadutsa pamwamba pa nkhokwe, pa mpanda, katera mu nthochi.

Nkhuku: balala, chimodzimodzi Lachiwiri. Ukayang'ana kuchokera pansi, chilichonse chimene chili pakati pa iwe ndi dzuwa n'chakuda. Masabata atatu ndakhala ndikuyang'ana kumwamba, izi ndikanazidziwa ndisanapake mlomo.

Anthu: palibe watuluka. Amake Joyi ali pa mtondo sanadzutse n'komwe mutu. Angouza wina wa kuseri, "Musavutike, ndi kabawi wa jumbo wa mnyamata uja." Pofika madzulo dzinalo lafika ku mjigo.

Amayi anali ku dimba, sanaone. Tadala waona. Wati sanena ngati mawa ndimutungira madzi. Ndavomera.

Zitsononkho zatha, tsono theka la vuto latha. Kwatsala masiku awiri. Mabatire ndawaika pa dzuwa, akuti amabwerera mphamvu.

Lachisanu

Kandege kali pansi pa bedi, ndikukasungira mawa. Ndaweruka, ndakwera pa chulu ndi kope.

Kabawi weniweni wabwera, wotsika kuposa masiku onse. Sindinamuonepo pafupi chonchi. Nthenga za kunsonga kwa phiko zimatambasuka ngati zala. Ndikuwerenga, zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Wazungulira pamwamba pa nyumba yathu kawiri. Tambala wakuwa. Amake Joyi akuyanika makaka, amva tambala, ati, "Wayambanso," n'kupitiriza kuyanika. Amayi ali m'khitchini: "Iwe, ndinati chiyani za pabwalo?" Palibe beseni, palibe chitsononkho.

Wapinda mapiko theka lokha, watseka mchira, watsika ngati mwala. Ndaona zonse. M'kope mwalembedwa "amapinda theka," ndi dzanja langa. Pamene ndikukumbukira kuti munthu amayenera kukuwa, iye akukwera kale, kanthu ka pepo kali m'zala zake.

Ndiye jivi sagwira ntchito mbali zonse ziwiri.

Thadzi lathawira m'chinangwa, anapiye mbali zonse. Tasaka mpaka dzuwa kupendeka: ine, Tadala, amayi, ndi amake Joyi amene sakuyankhula ndi aliyense. Tapeza 6. Amene wapita ndi kabawi Tadala akuti ndi Bisiketi, wa kadontho pamutu. Awiri sakuoneka, Mandasi ndi Abusa. Abusa ndi uja amayenda kutsogolo kwa anzake.

Tadala sanalire pamaso panga. Wangofunsa, "Achimwene, munali pa chulu?" Ndati eya. "Munamuona akubwera?" Eya. Watenga ndowa, wapita yekha ku mjigo, madzi amene ndinalonjeza ine.

Amayi sanasonkhezere kandege, ngakhale kalongonda ali pa moto. Angoti, "Mawa upite nako kutali, ndipo usabwere nako." Ndati ndibwera nako chifukwa kakupita ku boma.

Sindinajambule chilichonse lero.

Loweruka

Mwera. Wayamba kusanache, nthochi zikuwerama, lata la khitchini likugogoda. Mitambo ikuthamanga pamwamba pa Michesi. Iyi ndi mphepo ya ndege yaikulu.

Ndadzera njira ya kuseri kuti ndisakumane ndi amalume. Pamwamba pa chitunda ukatembenuka dambo lonse likuoneka pansi, mpunga wachikasu, ndi kamunthu kakuthamanga uku ndi uku ndi chitini. Ndi iwowo. Mpheta zikunyamuka kumene afika n'kutera kumene achoka.

Alipo: a Khoviwa ndi foni yowerengera nthawi, a kalabu ochepa, ana a m'mudzi ambiri, mayi wa zitumbuwa.

Wayamba Limbani. Rimoti ili ndi lamba wa m'khosi, anyamata awiri amuponyera. Yalowa mu mphepo ngati mpeni mu papaya. Ndivomereze, ndi yokongola. Yapita uku, yabwerera, yapitanso, osagwedezeka, yatera pa udzu pafupi ndi nsapato za aphunzitsi. Mphindi 2, masekondi 40. M'manja mwalira, ine ndaombanso pang'ono.

Nthawi yanga. Ana akuitanizana kudzaona ka pepo. Kumphuno ndawonjezera kanati kachiwiri kuti kalimbane ndi mphepo. Ndaponya.

Sikanapite kutsogolo. Kaima pamwamba pa mutu wanga, kakunjenjemera, kenako kayamba kukwera. Mphepo ikagunda chitunda imakwera, kanga kakwera nayo, chobwerera m'mbuyo. Ndadina kumanzere, kamva. Kumanja, kamva mochedwa. Mapazi 23 aja ndinayeza pansi. Sindinaganize kuti kumwamba nakonso ndi mapazi. Hutala yalira kamodzi, chapansipansi, basi.

Ndathamanga chotsika chitunda, rimoti ili m'mwamba, kudutsa mu nandolo za eni, kulumpha ngalande. Patapata imodzi yatsala m'matope. Ndaima.

Chopweteka n'chakuti popanda ine kakuuluka bwino kwambiri. Sikakugwedera. Kakuzungulira kokha mofatsa, kakukwera, kakutsetsereka ndi mphepo cha ku dambo, ndendende ngati amene ndinamukopera uja. Sabata yonse ndimaganiza kuti chovuta ndi mchira.

Ndakwera chitunda ndikupuma ngati galu. A Khoviwa asiya kuwerenga pa mphindi 4 ndi masekondi 10, pamene kadontho kasowa. Folo ndi wamkulu kuposa thuu, izi ngakhale a Fomu 1 avomereza.

A Khoviwa akanda mutu. "Yakhalitsa ndi yako, palibe wotsutsa. Koma ku boma tikaika chiyani pa tebulo? Iweyo ndi rimoti?" Agamula chonchi: ndikabwera nako kathunthu Lolemba m'mawa, ndipita ine. Ndikapanda kutero, Limbani.

Limbani wandigulira chitumbuwa. "Mfana, kali bwino, koma kalibe mwambo." Ndadya.

Ndasaka m'chinangwa, m'mabango, m'mitengo ya mango, mpaka dzuwa kulowa. Ndikudina hutala paliponse kuti mwina kayankhe. Palibe.

Lamulungu

Mwera waleka, kwatsala kamphepo chabe. Titatuluka ku tchalitchi ndatsikira ku dambo, kumene dzulo ndinakuzemba.

Ndakaona ndili kutali. Pakati pa munda wa amalume pali nsungwi yaitali, kunsonga kwake ulusi wa thumba la feteleza, pa ulusipo kandege kanga, kakuyandama n'kumazungulira. M'munda monse mulibe mpheta ngakhale imodzi. Zonse zili mwa oyandikana nawo. Amalume agona pansi pa chisakasa, chipewa kumaso, chitini chili pambali chozondoka.

Akuti dzulo kanatera pakati pa mpunga, mbalame zonse zinanyamuka nthawi imodzi ngati utsi. Zimene akachita:
- abowola pamsana pomangira ulusi
- mchira aumanga ndi waya kuti usamagwedere
- mabatire ali mu wailesi yawo
- kamota anakachotsa kuti kandege kapepuke, kanagwera m'matope, sakudziwa pati

Ndafotokoza za boma, za Lolemba m'mawa, za mphindi 4. Amvetsera mpaka kumapeto, chipewa chili pomwepo. "Ndinapempha woinga mbalame Loweruka. Iwe sunabwere, kabwera aka. Kachoka tikamweta." Kumweta kwatsala masabata atatu. Mphwa satsutsana ndi amalume ake ali m'munda mwawo. Komanso ngakhale akanandipatsa, pa tebulo ndikanaika chiwale ndi jumbo la pepo lobowoka.

Oyandikana nawo awiri abwera kudzafunsa ngati ndingawapangire awo mpheta zisanawamalize. Mmodzi wati, "Za rimotizo usavutike nazo."

Ndakhala m'mphepete mwa munda kanthawi, kukayang'ana. Kali m'mwamba kuyambira dzulo masana, palibe amene akuwerenga.

Ku boma apita Limbani. Pa tsamba la Lolemba zifukwa zanga zinayi sindifufuta, zonse n'zoona. Ndangolemba pansi pake chachisanu: ndege iyenera kubwerera.

Madzi ndatunga ine, ndowa ziwiri, osatumidwa.

Amene abwera kunyumba lero: amayi, kuchokera ku msonkhano wa mpingo. Tadala, kuchokera kwa amake Joyi, atanyamula Mandasi ndi Abusa m'beseni. Anali atalowa m'gulu la thadzi la kumeneko ndipo awazindikira ndi pepo, ndiye jivi ntchito imodzi ali nayo. Thadzi, ndi onse 8 pansi pa nkhokwe. Ine, ndi rimoti ndi patapata imodzi. Bisiketi sanabwere. Kandege sikanabwere.